Masamba Pamsewu wa ku Chiputula

Chiputula, Mzuzu
8 Meyi 2023

Mwana wanga Rejoice,

Monire chomene. Ine ndi amayi ako tili makora, kaya iwe ku Joniko ndi kuzizira kumene timamvako. Usadabwe kulandira kalata ya pamanja ngati zaka zakale. Foni yanga inamwalira Lachiwiri lapitali, komatu sinadwale. Kalatayi ndapatsira a Madi, aja amayenda ndi katundu wa anthu pa basi ya ku Joni. Akuti kumene umagwira ntchito amakudziwa.

Zinachitika motere. Ndinkatsika kamtunda kathu kaja, pamene msewu umakhota pa golosale ya a Stambuli, nditanyamula pa njinga mayi wina ndi dengu la tomato. Kumbuyo kunatulukira Sienta yakuda, liwiro ngati yaba nkhuku. Inandipanikiza mpaka ndinakathera m'ngalande. Mayi uja kwake, tomato kwake, ine kwanga. Foni inadumpha m'thumba kukagwera pa tala, tayala la kumbuyo n'kumalizitsa. Dalaivala sanaime. Anangotulutsa dzanja pawindo, ndipo sindikukhulupirira kuti ankandipepesa.

Zaka 19 ndakhala ndikupalasa kabaza mu Mzuzu muno, kuyambira muja ankatitcha a Sacramento, ndipo ndatopa kumwa fumbi ndi kutukwanidwa ndi ana obadwa dzulo. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ife a pa siteji ya Chiputula tinakhala pansi, anthu 23, n'kugwirizana kuti dalaivala aliyense wotidula kutsogolo, wothamanga pakona, kapena wotikankhira m'ngalande, tizimulemba nambala ndi kukamunena. Anasankha ine kukhala mlembi, chifukwa zolemba za anzangawa ngakhale eni ake zimawakanika kuwerenga. A Stambuli anatipatsa kope laulere.

Sienta ija taidziwa. Nambala yake imathera 4417, ndipo woyendetsa ndi mnyamata wina dzina lake Foster, amanyamula anthu pakati pa tauni ndi kuno. Masiku ochepawa walowa kale m'kope kasanu ndi kamodzi.

Lachisanu tinapita nalo kopelo kwa bwana wina woona za pamsewu. Analitsegula ndi zala ziwiri n'kufunsa kuti, "Wavulala ndani?" Ndinamuonetsa chigongono changa. Iye akuti, "Bambo, ngakhale mphaka amakanda kuposa apa. Mudzabwere pakapezeka wovulala weniweni." Tinabwerako chimanjamanja, koma sitinagwe mphwayi.

Tsono mwana wanga, unditumizireko wezulo ngati wa oimbira mpira, ndi jekete lonyezimira lija amavala anthu ogwira ntchito pamsewu. Foni ikapezeka yotsika mtengo, yewo.

Dada wako,
Zebedee Chavula
Mlembi, Siteji ya Chiputula

Randburg
20 Meyi 2023

Okondedwa Adada ndi Amama,

Moni nonse. Ine ndili bwino, ntchito ya m'nyumba ikuyenda, ngakhale agalu a abwana anga amadya bwino kuposa ine. Kalata ndalandira. Ndaiwerenga kawiri, koyamba ndikuseka, kachiwiri kuseka kutandithera.

A Mlembi, mundilole ndinene. Inu muli ndi zaka 58. Chaka chatha ndinatumiza malata kuti mumange khola la nkhuku musiye njinga. Ndamva kuti mpaka lero ali kuseri kwa nyumba, akusunga abuluzi. Tsopano mwatsegula unduna wa manambala. Adada, galimoto ndi chitsulo, inu ndinu mnofu. Foster wanuyo akakugundani akawongoletsa bampala mawa lake n'kupitiriza ntchito. Nanga inu adzakuwongolani ndani?

Mukudziwa kuti mapepala anga kuno anatha kalekale. Ndikangofika pa boda adzandidinda chidindo choti ndisabwererenso, ntchito n'kuthera pomwepo. Ndiye chinthu chikakuchitikirani pamsewupo, ine sindingathe n'komwe kubwera. Chimenechi ndiye chimandidetsa nkhawa tsiku lililonse.

Wezulo ndatumiza, poti ndikapanda kutero mukagula wa ana kumsika n'kutichititsa manyazi. Jekete ndatumizanso, bola azikuonani asanakugundeni. Foni mudikire mwezi uthe.

Amama, nanga foni yanu bwanji? Sabata yonse ndikuimba, ikungoti nambalayi sikupezeka. Mundiyankhe inuyo ndi dzanja lanu, chifukwa a Mlembi nkhani iliyonse amaikhotetsera kwawo.

Mwana wanu,
Rejoice

Chiputula
2 Juni 2023

Rejoice mwana wanga,

Ndakupatsa moni. Ife tadzuka bwino, kupatula mutu wa bambo ako, umene sindikudziwa ngati unadzuka nawo.

Foni yanga ukuifunsayo ili m'ndende. Bambo ako anaibwereka kuti azijambulira galimoto zolakwa. Atajambula zithunzi zambiri, zochuluka zake zoonetsa fumbi ndi chala chawo, anapita nayo kwa bwana uja. Bwanayo anati foniyo itsale ngati umboni. Yatsala mpaka lero. Akapita kukaifunsa amauzidwa kuti amene amasunga kiyi wa kabati wapita ku maliro ku Rumphi. Foster akuyenda mfulu, womangidwa ndi foni yanga ya chivindikiro chofiira ija.

Pa wezulo wandilakwira, mwana wanga. Amauimba kuyambira kum'mawa mpaka anthu a kuno asiya kucheuka. Nambala ya galimoto ija ndiye yasanduka nyimbo ya pakhomo pano. Akamasamba, folo folo wani seveni. Akamapopa tayala, folo folo wani seveni. Tsiku lina anaitchula popempherera chakudya, kuti Mulungu asaiiwale. Ine amene sindinaipemphe ndaisunga pamtima kuposa manambala a nyimbo za kutchalitchi.

Lolemba anachita zoti mudzamve. Anakamudikirira Foster ku Katoto, pamene amatsitsira anthu, n'kumuzungulira ndi njinga khumi. Bambo ako, jekete lonyezimira lili pathupi dzuwa likuswa mtengo, anatsegula kope n'kuyamba kumuwerengera machimo ake, tsiku ndi ola lomwe. Amene analipo akuti Foster ankamvetsera akudya chimanga chootcha. Atatha anafunsa kuti, "Madala, laisensi yanu ili kuti? Msewu uwu ngwa galimoto, inu mumangobwereka." Kenako analiza injini, ndipo njinga khumi zija zinapatuka zokha popanda wozipempha. Chitsononkho anachiponyera pa jekete la bambo ako, ndachapa ndine.

Pobwera kunyumba ndinawauza kuti, bambo a Rejoice, mukudzivutitsa chabe. Mnyamata ameneyo saopa kope, saopa wezulo, saopa yunifolomu. Ine ndinamuonapo kamodzi kokha akuyendetsa ngati munthu wobadwa kwa mayi, tsiku lija kunali maliro kumtunda kuno atayala masamba pamsewu. Anadutsa pang'onopang'ono, wailesi atazimitsa, kapusi ili pamwendo. Ndinati madalaivala a mu Mzuzu amalemekeza akufa okha. Nditangotero bambo ako anasiya kutafuna, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Nambewe, yewo chomene." Zaka 31 za ukwati sanandithokozepo chonchi, ndiye mtima wanga suli m'malo.

Ukatumiza foni ulembe dzina langa pabokosi ndi zilembo zikuluzikulu. Sopo wonunkhira uja anatha.

Mayi ako,
Winifred

Randburg
14 Juni 2023

Amama anga,

Sindikudziwa poyambira. Mundikhululukire zolembazi.

Lolemba mnzanga Bridget wa ku Katoto, amene amagwira ntchito nyumba yoyandikana ndi yathu, anandionetsa chithunzi chimene mchemwali wake anamutumizira. Masamba pamsewu, pakhomo pathu penipeni. Anzawo a adada atakhala m'mbali mwa msewu, njinga zitagonekedwa pansi, zipewa zili m'manja. Mtengo wathu wa mapeyala ukuoneka. Ndinawafufuza adada pachithunzicho, munthu mmodzimmodzi, koma sindinawapeze.

Ndinavutika mpaka ndinapeza nambala ya a Solomon, anzawo a pa siteji aja. Ndinafunsa kuti, kodi n'zoona kuti kwa a Chavula kuli maliro? Anayankha kuti, "Eya, n'zoona, tili pa maliro pano," n'kudula. Ndinaimbanso kasanu, osayankha.

Amama, ndinawauza ine. Ndinawauza kuti asiye njinga. M'kalata yanga yomaliza ndinawaseka, ndinawatcha a Mlembi, ndiye mawu omaliza amene anawerenga ochokera kwa mwana wawo ndi achipongwe. Chimenechi chidzandipweteka moyo wanga wonse. Ndi galimoto ija, eti? Musandibisire.

Kubwera sindingathe, chifukwa chake mukuchidziwa. Abwana andipatsa masiku awiri. Amalawi a kuno anabwera kuchipinda kwanga, anadzaza mpaka panja. Tinaimba nyimbo zimene adada ankakonda, ndipo m'busa wina wa ku Karonga analalikira za Lazaro. Tsitsi ndameta, poti sindidzakhalapo tsiku lometa kumeneko.

A Madi ndawapatsira nsalu yakuda, shuga, ndi chipepeso chimene anzanga asonkha. Njinga ija musagulitse. Kope lawo mundisungire, ndikufuna ndidzaone zolemba zawo.

Limbani mtima, Amama.
Rejoice

Chiputula
13 Juni 2023

Mwana wanga Rejoice,

Monire, monire! Ine ndili makora chomene, sindinakhalepo wathanzi chonchi. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi ina, chifukwa a Madi akadali komweko ndipo nkhani yokoma siidikira. Dada wako wapambana.

Loweruka m'mamawa ine ndi a Solomon tinasadza nthambi za mtengo wa mapeyala uja n'kuziyala pamsewu, mzere wina kumtunda kwa golosale, wina kumunsi kwa nyumba yathu, monga timachitira pakagwa zovuta. Anzanga anakhala m'mbali mwa msewu mitu ili zyoli. Ine ndinakabisala m'golosale ya a Stambuli ndi kope langa, n'kumasuzumira pakati pa mabotolo a mafuta ophikira.

Rejoice, ukanaona wekha! Maminibasi, malole a mchenga, ngakhale zigalimoto za mabwana za magalasi akuda zija, zonse kuyenda ngati mkwatibwi akulowa m'tchalitchi. Foster anabwera ndi liwiro lake lija, ataona masamba anaponda buleki mpaka anthu anagundana mitu m'katimo. Anavula kapusi, anazimitsa wailesi, n'kutsitsa galasi. Akuti, "Pepani madala, watisiya ndani?" A Solomon anangoti, "Wa pakhomo pompano," n'kupukuta m'maso ndi chipewa. Mnyamata uja anapisa m'thumba n'kupereka chipepeso! Tinagula mandasi, aliyense awiriawiri.

Lero ndi tsiku lachinayi. Palibe amene wagwera m'ngalande, ana a sukulu akuwoloka akucheza, ndipo m'kope simunalowe nambala ngakhale imodzi. Vuto ndi limodzi lokha. Mwambo umati wa njinga akafika pa masamba atsike n'kuikankha, ndiye ifenso tikutsika, ngakhale masambawo tinayala tokha. Makasitomala akudandaula, koma lamulo ndi lamulo, ife sitili ngati madalaivala.

Tinapangana kuti aliyense wofunsa tizimuyankha kuti maliro alipodi. Dzulo wina anaimbira a Solomon ndi nambala yachilendo yaitali, mawu achizimayi, akudzionetsa ngati akulira. Taona nzeru za madalaivala, afika potuma akazi awo kuti atifufuze! A Solomon sanakodwe mumsamphawo, anamuyankha mwachidule n'kudula.

Amayi ako sakundilankhula, akuti ndikuitanira imfa pakhomo. Nzeruyi anandipatsa ndi iwo omwe, koma ulemu wake akuukana. Ukatumiza foni ukhale ngati waiwala za dzina pabokosi.

Dada wako,
Zebedee Chavula
Mlembi, Siteji ya Chiputula

Randburg
22 Juni 2023

Kwa malemu Zebedee Chavula,

Moni sindipereka, sindinamvepo kuti akufa amapatsidwa moni. Kalata yanu yandipeza dzulo ndikukolopa, mpango uli kumutu kopanda tsitsi. Mkazi wa dalaivala amene anaimbira a Solomon uja ndine.

Adada, ndakulirani masiku asanu ndi anayi. M'busa anatuluka thukuta kulalikira za Lazaro, osadziwa kuti Lazaro wake ali m'golosale akudya mandasi. Abwana anga, amene sanandifunsepo kuti kwanu n'kuti, anandigulira maluwa. Lamlungu likubwerali ndikaima pamaso pa anthu amene anasiya ntchito zawo kudzandipepesa. Ndikawauze kuti chiyani? Kuti bambo anga anamwalira pofuna kuchepetsa liwiro la Sienta?

Nditawerenga ndinagwada pansi kuthokoza Mulungu, ndipo ndinalira kuposa tsiku loyamba lija. Nditadzuka ndinalakalaka kukutumizani ndekha kumene ndinkaganiza kuti mwapita. Zonse ziwirizi n'zoona, musankhepo yokukomerani.

Chipepeso chibwere ndi a Madi momwe chinapitira, ndikabwezere eni ake. Shuga Amama amwe. Nsalu yakuda aisunge, chifukwa ndi zochita zanuzi siichedwa kupeza ntchito. Foni sinditumiza.

Mwana wamasiye wa masiku asanu ndi anayi,
Rejoice

Chiputula
7 Julaye 2023

Rejoice mwana wanga,

Moni. Pepa chifukwa cha tsitsi, limera. Manyazi a kuno ndi amene sindikudziwa ngati adzatha.

Zisudzo za bambo ako zinathera tsiku lachisanu. Ndinali kutsuka mbale panja pamene ndinamva nyimbo ikutsika kumtunda. Azimayi a Umanyano, gulu la amayi la kutchalitchi kwathu, khumi ndi awiri, atavala zoyera, ufa ndi nkhuni zili kumutu. Anamva mochedwa kuti kwa a Chavula kwagwa zovuta, ndiye ankabwera akudziimba mlandu kuti anditaya. Anandipeza ndili ndi chikombe m'manja, wailesi ikuimba za mpira. Ndinasowa kolowera, mwana wanga. Mayi wina wachikulire anangondifunsa kuti, "Amama, thupi lili kuti?" Thupilo linali pa siteji likuimba wezulo.

A Madi nawo sanamve kanthu, anachokera kudepoti molunjika kuno atavala jekete lakuda. Anagwada pakhomo, chipewa m'manja, n'kuyamba kundipepesa ndi mawu okoma kwambiri, moti ndinawasiya alankhule pang'ono. Ali m'kati mopepesa, malemu anatulukira kuseri kwa nyumba ndi pampu m'manja, kufunsa ngati foni yabwera. A Madi anathamanga mpaka pa golosale, nsapato imodzi inatsala pakhonde, komatu ndi munthu wa matenda a shuga.

Akulu a mpingo anawaitana bambo ako ndipo awaimitsa pa mgonero miyezi isanu ndi umodzi. Iwo anayesa kufotokoza ndi kope m'manja kuti masiku anayi aja palibe anagundidwa. Anawayankha kuti maliro si hampu ya pamsewu. Ine amene sindinathyole ngakhale tsamba limodzi, ndikakhala pa benchi Lamlungu azimayi anzanga amasunthira uko.

Foster atamva sanakwiye. Anabwera pa siteji kudzaseka. Akuti, "Madala, mandasi anga anakoma?" Tsopano akamadutsa pakhomo pano amaliza hutala katatu n'kukuwa kuti, "Moni kwa malemu!" Liwiro ndiye lachita kuwonjezeka. Bambo ako, poti munthu wosamva, anayalanso masamba sabata yatha. Foster anawaponda osacheuka n'komwe, minibasi ya m'mbuyo mwake chimodzimodzi. Madalaivala onse auzana kuti masamba a pa kona ya a Stambuli ndi a zisudzo.

Kope loyamba ladzaza, ayamba lachiwiri. Lachitatu anapitanso kwa bwana uja, ndipo funso linali lomwe lija, wavulala ndani. Wa kiyi akadali ku Rumphi.

Ndikuseka polemba izi, koma ndili ndi mantha. Msewu uwu unali ndi chinthu chimodzi chokha chimene galimoto zinkamvera, ndipo bambo ako achidya ngati munthu wokazinga mbewu. Amayi a Solomon tsidya la msewuli akudwala kwambiri, uziwakumbukira m'mapemphero. Chipepeso chako chili ndi a Madi.

Mayi ako,
Winifred

Chiputula
25 Julaye 2023

Rejoice mwana wanga,

Uwerenge mpaka kumapeto, ndipo ulendo uno ukhulupirire. A Madi aona ndi maso awo, uwafunse. Amayi ako ali moyo, ndayamba ndi chimenecho. Ali m'chipatala, mwendo wathyoka pawiri, nthiti zitatu.

Amama a Solomon anamwalira Lachisanu. Maliro enieni. Masamba anayala anyamata a mpingo, ine sanandilole kugwira ngakhale nthambi imodzi, ndipo sindikuwadandaula. Loweruka m'mawa amayi ako anasenza beseni la ufa kupita kukathandiza kuphika. Anaima m'mbali mwa msewu, anayang'ana kumtunda, ndipo galimoto anaiona ikubwera. Koma anali pakati pa mizere iwiri ya masamba. Munthu amene wakula akudziwa kuti pa masamba galimoto imafatsa, anawoloka.

Ine ndinali pa golosale. Ndinamva hutala katatu. Ufa unakwera m'mwamba, msewu wonse unayera, beseni linagubuduka mpaka m'ngalande muja ndinagwera ine. Galimoto sinaime. A Stambuli ndi amene anatseka golosale n'kuwanyamula pa kagalimoto kawo ka katundu.

Wezulo unali m'khosi, sindinauimbe. Kope linali m'thumba, sindinalitsegule. Bwana uja atandifunsa ngati nambala ndinaiona, ndinanena zoona, kuti ndinaona mkazi wanga yekha. Mumtima ndikudziwa kuti ndi ndani, koma akuti Sienta zakuda mu Mzuzu muno n'zambiri, ndipo umboni wa munthu amene anachititsa maliro abodza ndi wovuta kuulandira. Anzanga a pa siteji nawo bwanayo akuti sangakhale mboni, ndi a zisudzo zomwezo. Foster wauza anthu kuti tsiku limenelo anali ku Ekwendeni.

Unandiuza kuti galimoto ndi chitsulo, ine ndine mnofu. Ndinamva, koma ndinkayesa kuti mnofu wake ndi wanga ndekha. Masamba aja ndinawapha ndine, mwana wanga. Ndikuchita manyazi ndipo ndikuopa.

Usabwere, ungataye ntchito. Sindikupempha kanthu.

Dada wako,
Zebedee

Ku wodi ya amayi
6 Ogasiti 2023

Rejoice mwana wanga,

Usamete. Ndayamba ndi zimenezo chifukwa a Madi akuti tsitsi langoyamba kumene kumera. Ndili moyo, mwendo uli m'chikhakha, ndipo ndikaseka nthiti zimandikumbutsa kuti zilipo. Foni yafika, dzina langa lili pabokosi, zikomo. Tikamalankhula umangolira, ndiye nkhani iyi ndati ndiilembe.

Bambo ako sungawazindikire. Amabwera m'mawa uliwonse wapansi, ndi phala lophika okha, la mibulu, ndipo ndimamwa chifukwa cha nkhope yawo. Njinga aipachika m'nyumba. Akuti malata aja awakhoma, khola laima, ngakhale a Stambuli akuti lapendekera kum'mawa. Azimayi a Umanyano anabwera kudzandiona, omwe aja ankasuntha pa benchi, ndipo anakhala pabedi langa mpaka anesi anawathamangitsa. A Solomon anabwera atangoika mayi awo, anaima pakhomo la wodi n'kulephera kulowa.

Mutu utakhala m'malo, bwana uja anabwera yekha ku wodi kuno ndi fayilo. Ndinamuona koyamba. Ndi munthu wamfupi, ndinkayesa chimphona. Anandifunsa mwaulemu ngati pali chimene ndikukumbukira, koma cholembera anali asanachitsegule n'komwe. Bambo ako anali kumiyendo kwa bedi, mutu uli pansi.

Ndinati, bwana, nditagwa mutu unatembenukira kumunsi, ufa uli m'maso, ndipo ndinaona kumbuyo kwa galimoto ikuthawa. Sindinachite kuwerenga. Ndinangoizindikira monga umazindikirira mwana wa mnansi ali patali. Ndiye ndinamuimbira momwe amaimbira bambo ako posamba, folo folo wani seveni. Bambo ako anatukula mutu n'kuyamba kulira pamaso pa azimayi makumi awiri, ine n'kuwauza kuti akalirire panja.

Galimoto apolisi anakaipeza ku Nkhorongo kuseri kwa nyumba ina, ataifunditsa lona, bampala litapindika. Munthu woti anali ku Ekwendeni anaiwala kutsuka ufa wanga m'mphepete mwa magalasi. Foster ali m'manja mwawo, laisensi amulanda, mlandu ulowa mwezi uno. Sindikukondwa monga ndinkaganizira. Ndi mwana wa munthu, ndipo mayi ake anabwera kudzandigwadira. Koma pa kona paja sadutsanso.

Bwana anabweranso kudzapempha makope aja, onse awiri. Bambo ako anawapereka. Ulendo uno bwanayo sanawagwire ndi zala ziwiri. Anakhala pa mpando n'kuwerenga tsamba ndi tsamba, ndipo nambala ija anaipeza malo 41, tsiku ndi ola lomwe, m'zilembo zokongola za a Mlembi. Anati, "Bambo Chavula, mwagwira ntchito yaikulu. Mlandu uwu ndi wamphamvu." Miyezi itatu bambo ako akhala akufuna kumva mawu amenewo, ndipo atawamva anangoyang'ana chikhakha changa.

Bwana atanyamuka kuti azipita ndinamuitana. Ndinati, bwana, mwezi wa Meyi munawauza amuna anga kuti adzabwere pakapezeka wovulala weniweni. Ndimati ndifunse, kuti asavutikenso kufunafuna wina. Ineyo ndakwana?

Anayang'ana fayilo yake, anakonza chipewa, n'kutuluka. Mawa lake mthenga anabweretsa foni yanga ya chivindikiro chofiira ija, yokutidwa bwino mu envulopu. Akuti wa kiyi wabwerako ku Rumphi.

Mayi ako,
Winifred Nambewe
Wovulala weniweni